Momwe mungapakire mafuta chowambira nyama chachitsulo kuti chisachite dzimbiri

Chowambira nyama cha mtundu wa offset smoker chili ndi zigawo zitatu: mgolo waukulu wogona chammbali momwe mumaika nyama, kabokosi ka moto kolumikizidwa pambali chakumunsi, ndi chumuni kumapeto enawo. Muno mu Lusaka ena amagula chobwera kuchokera kunja, ena amakapangitsa kwa owotcherera zitsulo ku Kalingalinga m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata kapena ku Garden. Kaya chachokera kuti, nthawi zambiri chimakhala cha chitsulo wamba, ndipo chitsulo wamba chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri. Moto nawonso umafulumizitsa zinthu, chifukwa umapsereza penti n'kusiya chitsulo pambalambanda.

Mankhwala ake ali m'khitchini mwanu momwemo. Mafuta ophikira akapakidwa pang'ono kwambiri pa chitsulo n'kutenthedwa kwa nthawi yaitali, sakhalanso mafuta. Amauma n'kusanduka khungu lolimba lakuda lomwe limamatirira pa chitsulocho ndi kutsekereza madzi. Ndi khungu lomwe lija mumaliona pa chiwaya chakale cha okazinga tchipisi, chakuda bii koma chosalala, chopanda dzimbiri ngakhale chimagona panja. Ntchito yonseyi ndi yomanga khungu limeneli ndi kulisamala.

Nthawi yabwino yoigwira ndi September kapena October, kunja kukadali kouma ndi kotentha, mvula ya November isanayambe. Mukadikira mpaka January, mudzakhala mukulimbana ndi chinyezi chomwe chalowa kale.

Konzekerani izi: botolo la saladi (mafuta ophikira), wa mpendadzuwa kapena wa soya, nsanza zingapo za thonje zoyera bwino, bulashi ya waya, sandipepala, vinega, sopo wotsukira mbale, makala ndi nkhuni zouma. Zambiri mwa izi mukazipeza kumsika wa Soweto kapena m'mashopu a hardware a kwanuko. Mafuta a galimoto, girisi ndi dizilo zisayandikire n'komwe, ngakhale kunja kwa mgolo, chifukwa zikatenthedwa utsi wake umafika pa nyama. Batala ndi majarini nazonso ayi: zili ndi madzi, nthawi zambiri ndi mchere womwe, ndipo mchere ndiwo umathandiza dzimbiri.

Musanayambe, onetsetsani chitsulo chomwe chowambira chanu chinapangidwira. Ngati wopanga anaikamo lata kapena paipi ya galvanised, ija yotuwa monyezimira, ichotsedwe. Chitsulo chotere chinakutidwa ndi zinki, ndipo zinki ikapsa imatulutsa utsi wodwalitsa. Ngati ndi cha dilamu ya malita 200, funsani zomwe zinali m'dilamumo. Yomwe munali mankhwala a m'munda kapena a m'fakitale musaphikiremo, kutsuka ndi kuotcha sikungakutsimikizireni kuti zatha.

Kutsuka ndi kupala

Tulutsani mawaya oikapo nyama ndi zonse zochotseka. Chikakhala chatsopano, tsukani mkati ndi madzi ofunda a sopo kuti muchotse mafuta a kufakitale, fumbi ndi tizidutswa ta chitsulo totsalira powotcherera. Tsukuluzani, pukutani nthawi yomweyo, n'kusiya zitseko zotsegula padzuwa. Chitsulo chosapakidwa kanthu chimayamba kufiira m'maola ochepa chabe chikasiyidwa chonyowa.

Chikakhala chakale chokhala ndi dzimbiri, ntchito yaikulu ili pano. Palani ndi bulashi ya waya mpaka zonse zofundukuka zigwe, kenako tsatirani ndi sandipepala. Pomwe dzimbiri lakanirira, nyowetsani nsanza ndi vinega, iyaleni pamalopo kwa ola limodzi kapena awiri, palaninso, tsukuluzani ndi madzi n'kuumitsa. Sikofunika kuti chitsulo chinyezimire ngati chatsopano. Kufiira pang'ono kotsalira mafuta adzakuphimba. Chosafunika ndi dzimbiri lamakoko, chifukwa mafuta akagwira pa koko, kokolo likadzagwa khungu lanu lipita nalo limodzi. Yang'anitsitsani m'mizere mowotcherera, pansi pa mgolo, pansi pa kabokosi ka moto ndi m'mahinji, poti ndimo madzi amakhalitsa.

Chatsopano ndi bwino kuchiyatsa kamodzi chisanapakidwe mafuta, kwa ola limodzi kapena awiri, kuti zotsalira zonse zipse ndi kutuluka m'chumuni.

Kupaka mafuta

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa chifukwa chofuna kuchita bwino. Amaganiza kuti mafuta akachuluka chitetezo chichulukanso, ndiye amathira mpaka kuyenderera. Mafuta ochuluka sauma. Pamwamba pake pamagwira, mkati mukadali mofewa, n'kusanduka phula lonanda lomwe limasonkhanitsa mwaye ndi fumbi, kenako n'kuyamba kununkha chivunde. Ndi mphepo ya fumbi ya August ndi September muno, mgolo wonanda umada ndi dothi m'masiku ochepa.

Choncho thirani saladi pang'ono pa nsanza, osati pa chitsulo. Pakani mkati monse: makoma a mgolo, kumunsi kwa chitseko, mawaya mbali zonse ziwiri, mkati mwa kabokosi ka moto, ndi m'chumuni mpaka pomwe dzanja lingafike. Mukamaliza tengani nsanza ina youma mupukutenso ngati mukufuna kuchotsa zonse zomwe mwapaka. Otsalawo ndiwo mafuta oyenera. Chitsulo chioneke chodera ndi chowala pang'ono, koma mukachikhudza chala chisanyowe. Chitsulo chikakhala chofunda ndi dzuwa mafuta amayenda bwino, ndiye gwirani ntchitoyi masana.

Kunja pakani chimodzimodzi, makamaka pa kabokosi ka moto, miyendo ndi mahinji. Mgolo waukulu ngati uli ndi penti wopirira moto yemwe sanafundukuke, kungoupukuta ndi nsanza ya mafuta n'kokwanira.

Moto woyamba

Yatsani makala m'mbaula, akagwira bwino muwasamutsire m'kabokosi ka moto, n'kuikapo chikuni chimodzi kapena ziwiri. Musayatse ndi palafini kapena mapepala apulasitiki. Nkhuni zikhale zouma za mtengo wolimba monga tsanya kapena gwafa. Matabwa a paini, matabwa openta ndi mapolo a bulugamu othiridwa mankhwala oletsa chiswe asalowemo, chifukwa utsi wake umakhazikika m'khungu lomwe mukumangali, ndipo nyama iliyonse yobwera pambuyo idzautenga.

Tsegulani chumuni chonse, moto muziuwongolera ndi khomo la mpweya la pa kabokosi. Kwezani kutentha pang'onopang'ono mpaka chopimira cha pa chitseko chifike pakati pa 120°C ndi 150°C, ndipo kukhale pomwepo kwa maola atatu kapena anayi. Kuyamba mofatsa kumathandizanso penti watsopano kuti akhwime osatupa. Pa ola lomaliza onjezerani moto kufika pafupi ndi 200°C kuti mafuta amalize kuuma. Ngati mulibe chopimira, yang'anani utsi: uzikhala wopyapyala, wotuwa mooneka ngati buluu pang'ono. Utsi woyera wochindikala ukutanthauza kuti nkhuni zikufuka osayaka, ndipo umasiya mwaye wowawa m'makoma. Zikatero tsegulani mpweya.

Moto ukazima, siyani chizizire chokha. Musachithire madzi. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimapindika, ndipo chitseko chikapindika utsi uzidzatulukira m'mbali mpaka kalekale.

Mawa lake khudzani mkati. Pakakhala pouma ndi posalala, mwatha ulendo woyamba. Pakamananda, mafuta anachuluka kapena moto unachepa, yatsaninso osaonjezera mafuta. Ine ndimalimbikitsa kubwereza kupaka ndi kuyatsa kawiri kapena katatu musanaikemo nyama, chifukwa makungu opyapyala osanjikizana amalimba kuposa limodzi lochindikala. Mbali ya kuchumuni imatentha pang'ono poyerekeza ndi ya kumoto, motero imachedwa kuda. Musade nkhawa, iziderabe mukamaphika. Pophika koyamba sankhani nyama yamafuta, nkhumba kapena nkhuku, kuti mafuta ake aonjezere pa zomwe mwayamba.

Nsanza za mafuta zija musaziunjike pakona. Mulu wa nsanza zonyowa ndi mafuta ungathe kudzitenthetsa wokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni chotambasula, kapena ziponyeni pamoto womwewo.

Phulusa ndi mvula

Kabokosi ka moto ndiko kamayamba kubooka, ndipo chomwe chimakapha si moto koma phulusa losiyidwamo. Phulusa limakoka chinyezi n'kuchisunga pa chitsulo usana ndi usiku. Komanso aliyense amene anaonapo amayi akucheza chidulo cha therere akudziwa zomwe zimatuluka phulusa likakumana ndi madzi. Madzi akewo amasungunula khungu la mafuta lomwe mwavutikira, chitsulo n'kutsala poyera pansi pa phulusa lonyowa. Ndiye phulusa likazizira, mawa lake lomwelo, litulutseni lonse ndi kusesa m'makona. Palibe china chomwe mungachite chotalikitsa moyo wa chowambira chanu kuposa chimenechi, makamaka cha dilamu, chomwe chitsulo chake n'chopyapyala kwambiri poyerekeza ndi cha mamilimita 5 kapena 6.

Kunja kwa kabokosiko penti sakhalitsa, ngakhale wopirira moto. Mmalo mothamangira kupenta chaka ndi chaka, kapakeni saladi nthawi iliyonse mukamaliza kuphika, moto utatsika koma chitsulo chikadali chofunda. Gwirani nsanza ndi chopanira kuti musapse. Musapake moto uli lawilawi, mafuta angagwire moto m'manja mwanu. Kutentha kotsalako kumaumitsa mafutawo, ndipo pakapita miyezi kabokosiko kamada mokongola.

Mkati mwa mgolo musamatsukemonso ndi sopo ndi madzi ochuluka. Palani mafuta a nyama oundana pansi, tsegulani kabowo kotulutsira mafuta kuti kasatsekeke, pukutani mawaya n'kuwapakanso pang'ono. Tizidutswa takuda tikayamba kugwa kuchokera kumunsi kwa chitseko, nthawi zambiri si penti koma mwaye wouma. Tipaleni tisagwere pa nyama.

Nthawi ya mvula, kuyambira November mpaka March, chowambira chikhale pansi pa denga ngati malo alipo, pakhonde kapena m'galaja. Miyendo isaime pa dothi, ikani njerwa kapena matailosi pansi pake. Tsekani pakamwa pa chumuni ndi chitini kuti mvula isalowe. Ngati mukufunditsa ndi tenti, musamange mpaka pansi. Siyani mpata woti mphepo izidutsa, chifukwa pulasitiki womangidwa zolimba amasunga thukuta mkati, ndipo chitsulo chimanyowa ngakhale dontho la mvula lisanachikhudze. Musafunditse chikadali chonyowa kapena chofunda. Dzuwa likawala vundukulani, tsegulani zitseko chipume. Ndipo ngakhale mulibe nyama yowamba, yatsani moto pang'ono kamodzi pa mwezi kuti chinyezi chituluke. Mukaona kadontho kofiira, kapaleni ndi sandipepala tsiku lomwelo, pakanipo mafuta n'kuyatsa.