Yezani chitsime ndi kamwala musanagule chingwe

Anzanga a ku Chinsapo, Mtandire ndi kwina konse komwe timathamangira ku chitsime mipopi ikauma, musamagule chingwe chotungira madzi mongoyerekeza. Ine ndinagulapo chachifupi, ndalama n'kupita pachabe. Physics wa ku sekondale uja akhoza kukupulumutsani.

Tengani kamwala kotsuka bwino, poti ndi madzi akumwa awa. Kagwireni pakamwa pa chitsime n'kungokasiya. Osakaponya ayi, chifukwa kakayamba ndi liwiro, masamu onse asokonekera. Yambitsani stopwatch ya pa foni pomwe mukukasiya, ndipo imitsani mukangomva chubwi.

Masekondiwo muwachulukitse ndi nambala yomweyo, kenako ndi 5. Sekondi 1 ndi mamita 5, masekondi 1.5 ndi mamita pafupifupi 11, masekondi 2 ndi mamita 20.

Zimatheka chifukwa mphamvu ya dziko yokoka zinthu imawonjezera liwiro la chinthu chakugwa ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. N'chifukwa chake nthawi ikawirikiza kawiri, mtunda umakula kanayi. Mwala waukulu ndi waung'ono imafika pafupifupi limodzi, koma chitsononkho kapena tsamba musayesere, mpweya umazichedwetsa.

Chondivutitsa ine ndi chala, chimachedwa kudina, ndipo pa chitsime chosaya kuchedwa pang'ono kumasintha yankho kwambiri. Bwerezani kasanu, mutenge nthawi yapakati. Pogula muwonjezere mamita atatu omangira ndowa ndi ogwira m'manja.