Kasamalidwe ka kabokosi kakale ka mbalame yoimba

Timabokosi timeneti, tokhala ndi mbalame yochita kupanga yomwe imatulukira n'kuimba, tinayamba kupangidwa ku Geneva, m'dziko la Switzerland, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, kenako amisiri otchedwa Bontems ku Paris ndi Griesbaum ku Germany anapanganso tawo. M'kati muli sipuling'i yoyendetsa kamvukuto ka chikopa chopyapyala, kamene kamauzira mpweya m'kawenzulo.

Pozunguliza kiyi, lekani mukangomva kulimba, chifukwa mukakakamiza sipuling'i imaduka. Kankhani kabatani kamodzi kokha, mbalameyo idzuke, iimbe, ibwerere yokha. Chonde musaikanikize ndi chala. Timawaya toyendetsa mapiko ndi mlomo timapindika msanga.

Ikamatsegula mlomo koma mawu osatuluka, kawirikawiri chikopa cha mvukuto chauma n'kung'ambika. Musathiremo mafuta, pitani nako kwa katswiri wokonza mawotchi akale. Nthenga zake n'zenizeni, choncho kasungeni kutali ndi dzuwa, chinyezi ndi njenjete.