Mmene ndinatsegulira mphuno ndi lavenda

June uno kuzizira kwa ku Area 25 kuno kunandipatsa chimfine choopsa, mphuno zonse ziwiri kutsekeka moti usiku ndimapumira kukamwa, kudzuka m'mawa kukhosi kuli gwa. Ndinamwa mandimu ndi jinja, kukhosi kunafewako koma mphuno ayi ndithu. Vicks ndinapaka mpaka pachifuwa kumawotcha, ikangotha mphamvu basi tabwerera pomwe paja.

Achemwali anga ndi amene anati achimwene tadzifukizani ndi lavenda. Kabotolo ka mafuta a chomera chonunkhirachi ka 10ml ndinakapeza pa famase ina ku Old Town, K7,500, kodula inde koma umangogwiritsa timadontho.

Ndinawiritsa madzi mu ketulo, kuthira mu beseni lachitsulo, kenako apa ndiye pofunika, kudikira kaye mphindi 5 kuti nthunzi ichepe ukali. Tsiku loyamba ndinapupuluma ine, nkhope inapsa ngati ndasuzumira mu mphika wa nsima, misozi mbwee. Madzi akazizirako ndiye madontho atatu okha a lavenda, masamba angapo a bulugamu, kufunda chitenje kumutu, maso otseka, kumakoka mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono kwa mphindi 10. Mamina anayamba kutsika okha, mpango ukhale pafupi. Kawiri patsiku, tsiku lachitatu ndinali ndikupuma bwinobwino.

Kunena zoona ine ndikuona ngati nthunziyo ndi imene imafewetsa mamina, lavendayo fungo lake limangokhazika mtima pansi, tulo ndinagona tofa nato. Mafutawo osamwa chonde, ndipo ana aang'ono osawafukiza, beseni la madzi otentha sachedwa kuligubuduza. Thupi likamatentha kapena pachifuwa pakamapweteka pitani kuchipatala.