Momwe mungakonzere gasiketi ya silinda hedi ikamadontha oyilo pa MGB

MGB ndi galimoto yothamanga yomwe inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980. Injini yake ya 1798cc ndi yosavuta kuigwira, moti gasiketi ya silinda hedi (chomatira chomwe chimakhala pakati pa hedi, mutu wa injini, ndi buloko, thunthu lake) mungathe kusintha nokha ngati muli ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira manati) komanso masipanala a mainchi. A mamilimita amangowononga manati.

Musanamasule kalikonse, tsimikizani kuti vuto ndi gasiketi ya hediyo. Tsukani injini ndi palafini, iume, kenako muilize kwa mphindi 15 mukuunika ndi tochi. Kawirikawiri oyilo amachokera pa gasiketi ya rocker cover (chivundikiro cha pamwamba pa hedi), n'kutsetsereka mpaka kudzaima pomwe hedi yakumana ndi buloko. Tizitseko tiwiri ta m'mbali mwa buloko, kunsi kwa manifodi (mapaipi olowetsa mafuta ndi mpweya komanso otulutsa utsi), timadonthanso kwambiri, makamaka paipi yotulutsa mpweya wa mu injini ikatsekeka. Ngati oyilo akutulukiradi pa mzere wa hedi, makamaka chakumbuyo komwe kuli kanjira kokweza oyilo kupita ku ma rocker (tizitsulo tokankha mavavu kuti atseguke), pitirizani.

Choyamba, injini izizire, ndipo chotsani waya wa batire. Pa MGB batire limakhala kuseri kwa mipando, ndipo galimoto zoyambirira zili ndi awiri a mavoti 6. Khuthulani madzi a mu ladiyeta, chotsani mapaipi, mawaya a mapulagi, makabureta ndi manifodi.

Kenako vundukulani rocker cover. Manati a hedi alipo 11, ndipo anayi mwa iwo amagwiranso ma rocker. Amasuleni pang'onopang'ono, kuyambira kumapeto kulowera pakati. Mukachotsa ma rocker, ma pushrod (tindodo tachitsulo tokankha ma rocker) asanu ndi atatu muwabaye pa katoni motsatana, kuti aliyense adzabwerere pamalo pake. Hedi ikakakamira, igogodeni m'mbali ndi hamala ya labala. Musalowetse sikuludiraiva pakati pa hedi ndi buloko: kachilonda komwe mungasiye pamenepo kadzadontha mpaka kalekale.

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Gasiketi yatsopano siingawongole hedi yopindika. Tsekani mabowo a oyilo ndi masilinda ndi nsanza zoyera, mupale zotsalira zonse za gasiketi yakale mpaka chitsulo chiwale. Ikani lula yachitsulo yowongoka bwino pa hedi, m'litali ndi mopingasa, n'kuyesa mpata ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata). Ngati ya 0.1 mm ikulowa, pititsani hedi kwa odziwa makina akaisalaze. Unikaninso ming'alu pakati pa mavavu, poti hedi za injini imeneyi zimang'aluka zikatenthedwa. Pa buloko, onani mozungulira mabawuti oimirira omwe manati a hedi amamangidwapo: chitsulo chimatukuka pang'ono pamenepo, n'kulepheretsa gasiketi kukhala bwino. Bawuti yomwe mazinga ake adyeka, isintheni.

Gasiketi ikani youma, mawu akuti TOP ali kumwamba, FRONT kutsogolo. Ena amapaka silikoni poganiza kuti akulimbitsa, koma ine sindivomereza: ikafinyika imatha kutseka kanjira ka oyilo kaja, ma rocker n'kumayenda owuma.

Tsitsani hedi, bwezerani ma pushrod ndi ma rocker. Mangani manati kuyambira pakati kupita kumapeto mosinthanasinthana mbali, m'magawo atatu, mpaka torque wrench iwerenge pakati pa 45 ndi 50 lb ft, zomwe ndi 61 mpaka 68 Nm. Tcherani mpata wa pakati pa mavavu ndi ma rocker: pa injini zoyambirira ndi 0.015 inchi injini ili yozizira, koma za m'zaka za m'ma 1970 tsatani buku lake.

Bwezerani zotsalazo, thirani madzi, sinthani oyilo ndi fyuluta chifukwa zinyalala zimagwera mkati. Lizani injini itenthe, muunikenso mzere uja. Mukayenda makilomita pafupifupi 800, manganinso manati a hedi motsata dongosolo lomwe lija, pokhapokha wopanga gasiketi atanena kuti yake siifuna zimenezo, ndipo mukatero tcheraninso mavavu chifukwa mpata umasintha.