Kuyamba ntchito yometa, poyambira ndi apa

Achimwene mwafunsa kuti Fomu 4 mwamaliza, ntchito sikuoneka, ndiye zometa anthu mungaziyambe bwanji. Choyamba musathamangire kugula makina, kakhaleni kaye pa babashopu ya munthu wina ngakhale miyezi itatu, muzisesa tsitsi uku mukuonetsetsa mmene akudulira mzere wa pamphumi, poti kasitomala amakuyezerani pamenepo. Ngati mukufuna pepala, makoleji ena a pansi pa TEVETA amaphunzitsa zokonza tsitsi, koma dzanja limazolowera ndi kumeta mitu yambiri basi.

Kenako gulani makina awiri, enawo akhale ochajitsa, magetsi athuwa mukuwadziwa, akathima munthu mwamumeta mbali imodzi manyazi ake simungawaiwale. Galasi lalikulu, burashi, nsalu yofunditsa. Sipiriti musaumire ayi, anthu amaopa zipere ndipo mmodzi akangotuluka nazo dera lonse limva.

Malo pezani pafupi ndi msika kapena siteji ya minibasi, laisensi mukatenge ku khonsolo asanabwere kudzatseka. Mutu ukatuluka bwino jambulani, mupemphe kaye mwiniwake, muponye pa WhatsApp. Muzilandiranso Airtel Money ndi Mpamba. Anzanu a "ndikupatsa mawa" aja muwakanire tsiku loyamba lomwelo.