Sitima zankhondo zadzina limodzi: mungadziwe bwanji kuti ndi iti?

Asilikali apamadzi sataya dzina. Sitima ikamira kapena ikakalamba n'kuphwasulidwa, dzina lake amalipereka kwa ina yatsopano, monga mwana amene watenga dzina la agogo ake. Chisokonezo chimayambira pamenepo. Mupeza wina atalemba kuti USS Hornet inamira mu 1942, kenako kuti inakatola panyanja anthu a Apollo 11 obwera kumwezi mu Julayi 1969. Zonse zinachitikadi, koma ndi sitima ziwiri.

Choyamba yang'anani zilembo zimene zili kutsogolo kwa dzina. USS ndi ya America, HMS ya Britain, HMAS ya Australia, SMS ya Germany pa nthawi ya Kaiser. Dzina la Enterprise lagwirapo ntchito ku America ndi ku Britain komwe. HMAS Canberra itamira pa Savo Island mu Ogasiti 1942, aku America anatcha sitima yawo ina USS Canberra poikumbukira.

Kenako funani nambala. Aku America amalemba zilembo zosonyeza mtundu wa sitima ndi nambala yake: CV ndi yonyamula ndege, BB ndi chisitima cha mizinga ikuluikulu, ndipo N akawonjezedwa ndiye kuti imayendera mphamvu ya nyukiliya. Choncho Enterprise CV-6 ndi ija inamenya nkhondo pa Midway mu Juni 1942. CVN-65 inayamba ntchito mu 1961 ndipo ndi yoyamba yonyamula ndege kuyendera nyukiliya. CVN-80 ndi Enterprise yatsopano, ya kumalo omangira sitima ku Newport News. Zilembo zimasintha sitima ikapatsidwa ntchito ina, koma nthawi zambiri nambala imakhala yomweyo. Mukaona Yorktown CV-10, CVA-10 ndi CVS-10 musawerenge sitima zitatu, ndi imodzi.

Nambala za ku Britain musazikhulupirire motero, chifukwa amazibwereza. R09 inali pa HMS Ark Royal imene inayamba ntchito mu 1955, ndipo lero ili pa HMS Prince of Wales ya 2019. Prince of Wales imeneyi si ija ndege za Japan zinamiza kufupi ndi Malaya pa 10 Disembala 1941.

Pa sitima zakale zopanda nambala, chaka ndicho chimathandiza, koma funsani kuti ndi chaka cha chiyani. Pali chaka chimene sitima inatsitsidwa m'madzi koyamba, ndi chimene inayamba ntchito. Ark Royal ya R09 ija inatsitsidwa m'madzi mu 1950, ntchito n'kuyamba mu 1955. Buku lina litchula chaka ichi, lina icho, koma sitima ndi yomweyo. Ma Ark Royal onse ndi asanu. Yoyamba ndi ya 1587, imene inalimbana ndi Armada, gulu la sitima zankhondo za Spain, mu 1588. Yachitatu inamizidwa ndi sitima yoyenda pansi pa madzi, U-81, kufupi ndi Gibraltar mu Novembala 1941. Yomaliza, R07, inapumitsidwa mu 2011. Nayo HMS Victory ya Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi a Britain, ya pa Trafalgar mu 1805, imene ikusungidwa ku Portsmouth, ndi ya 1765. Ina isanabwere iyi inamira mu 1744.

Njira yodalirika kwambiri ndi kupeza tsiku limene sitima inathera. Mu 1942 America inataya Lexington mu Meyi, Yorktown mu Juni, Wasp mu Seputembala ndi Hornet mu Okutobala. Mayina onse anayi anapatsidwa msangamsanga kwa sitima zimene zinali kumangidwa kale ndi mayina ena: Lexington CV-16 inayenera kukhala Cabot, Yorktown CV-10 Bon Homme Richard, Wasp CV-18 Oriskany, Hornet CV-12 Kearsarge. Ndiye nkhani iliyonse ya kuyambira 1943 ndi ya sitima zatsopanozi. Apa ndi pamene alendo ambiri amanamizika. Yorktown imene anthu amakaona kufupi ndi Charleston si ya pa Midway. Ya pa Midway ili pansi pa nyanja, ndipo Robert Ballard anaipeza mu 1998. Nazo Lexington imene anthu amakaona ku Corpus Christi ndi Hornet ya ku Alameda si zija zinamira mu 1942.

Mwezi wokha sukwanira. Scharnhorst ziwiri za Germany zonse zinamizidwa ndi Britain mu Disembala, ina ku Falklands mu 1914, ina kumpoto kwa Norway mu 1943.

Chenjeraninso ndi msampha wina: sitima imodzi yokhala ndi mayina angapo. General Belgrano ya Argentina, imene HMS Conqueror inamiza pa 2 Meyi 1982, poyamba inali USS Phoenix, yomwe inapulumuka pa Pearl Harbor mu 1941. Argentina inaigula mu 1951 n'kuitcha 17 de Octubre. Dzina la Belgrano linabwera pambuyo. Mukamafufuza sitima yogulidwa kunja, lembani mayina ake onse ndi zaka zake musanayambe kuwerenga kuti zinalipo zingati.