Minga, chitedze ndi dzanzi: muzinena bwanji pa Chingerezi

Ife pa Chichewa munga ndi munga basi, kaya wa ndimu kaya wa rozi, koma Chingerezi chinagawa patatu, ndiye anyamata amene mumaperekeza alendo ku Chawe mpaka ku Chingwe's Hole pa phiri la Zomba, komanso ana a sukulu amene mukulimbana ndi bayoloje, tamvani izi.

Yambani ndi kuyang'ana pomwe mungawo wamerera. Ukakhala wolimba, wotuluka mkatikati mwa nthambi monga wa ndimu kapena wa bougainvillea wa m'mipanda ya ku Mulunguzi uja, umenewo ndi thorn, ndi nthambi yomwe inangosongoka m'malo mophuka masamba. Spine ndi tsamba kapena mbali ya tsamba, monga minga ya cactus, ya nsangu imene imamera iwiriiwiri, ndi nsonga ya khonje. Wachitatu ndi prickle, ameneyu amangomera pa khungwa pamwamba, mukamukankhira pambali ndi chala amangoti thyo kusiya kachipsera. Tchire la zipatso zachikasu zomwe amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera phiri zija, ma raspberry, lili ndi ma prickle. Rozinso chimodzimodzi, ngakhale kuti eni ake chiyankhulo amanena kuti thorn. Choncho pocheza musavutike, thorn amakwana paliponse, kusiyanitsaku nkwa pa mayeso.

Chovuta ndi katchulidwe ka thorn. Th wathu wa mu "thumba" si th wawo, mukatchula mwathu mlendo amamva torn, amayamba kuyang'ana ngati malaya ang'ambika. Ikani nsonga ya lilime pakati pa mano nkupumira kunja.

Munga ukakubayani mneni wake ndi prick, "I pricked my finger on a thorn". Ukathyokera mkati nenani "it broke off under the skin", ndipo kakakhala kachidutswa ka thabwa kapena ka nsungwi ndi splinter. Njere za chisoso zomata pa sokisi zija sizibaya kwenikweni, mungoti "blackjack seeds stuck to my socks", mwamaliza.

Tsopano pomwe ambiri timagwa ndi pa kuluma. Kwathu udzudzu umaluma, njuchi imaluma, chinkhanira chimaluma, ndiye munthu amangoti bite zonse. Ayi ndithu. Choluma ndi pakamwa ndiye bite, udzudzu, nsikidzi, njoka, galu. Chobaya ndi mbola yakumbuyo ndi sting, njuchi, mavu, chinkhanira, ndipo zikakhala zachitika kale ndi stung osati stinged. Sting yemweyo amanenanso ululu wakuthwa wa pamwamba, monga sipiriti akamathiridwa pa bala kapena sopo akalowa m'maso, "it stings".

Chitedze chokha ndiye nkhani ina. Dzina lake ndi buffalo bean, a sayansi amati Mucuna pruriens, ndipo chimene chimazunza ndi ubweya wa pa makoko ake omwe uli ndi puloteni yotchedwa mucunain. Chilimwe makoko akauma ubweyawo umauluka ndi mphepo, moti simufunika kuchigwira, kungodutsa pansi pake basi mwayamba kuvina opanda ng'oma. Apa mawu ndi itch, "it itches" kapena "my arms are itchy", pamene kukanda ndi scratch, awiriwa anthu amawasokoneza kwambiri. Mlendo muuzeni "don't scratch" chifukwa kukanda kumangolowetsa ubweya mkati ndi kuufalitsa. Matani selotepi pakhungupo nkumatula, kenako madzi ndi sopo, zovala avule zichapidwe pazokha. Utomoni wa nkhadze ndiye umawotcha, "it burns", ndipo ukalowa m'maso tsukani ndi madzi ambiri nkuthamangira kuchipatala, osadikira kuti tione mawa.

Dzanzi lili pawiri. Mwapanikizana anayi pa mpando mu minibasi kuchokera ku Limbe, mukutsika pa depoti mwendo sukumva kanthu ngati si wanu, pamenepo ndi numb, b wakumapetoyo satchulidwa. Magazi akayamba kuyenda mkumamva kubayabaya konyerenyetsa kuja, ndiye "pins and needles", kapena tingling kukakhala kwapang'ono.

Mawu amenewa amathandiza kwambiri mukapezana ndi dokotala wosamva Chichewa ku chipatala cha Zomba Central, chifukwa kungoti "pain" sikumuuza kanthu. Dzanzi la pa mpando limatha pa mphindi zochepa, koma mapazi akamachita dzanzi kapena kuwotcha masabata, makamaka usiku, mitsempha ikhoza kukhala ikuwonongeka. Matenda a shuga amachita zimenezo, mankhwala a TB otchedwa isoniazid nawonso, nchifukwa chake amaperekera limodzi ndi vitamini B6. Nenani malo, mmene mukumvera ndi nthawi, "my feet have been tingling and burning for three weeks, mostly at night". Ngati ndi munga wa kumunda umene unalowa kwambiri kuphazi onjezani "I stepped on a thorn", ndipo funsani za jakisoni wa kafumbata, amene iwo amamutcha tetanus.